Kutsidya kwa Nyanja: Mafunso ndi Mayankho pa Ulendo Wokaona Malo ndi Zachilengedwe m'Boma la Lago

Mawu akuti "kutsidya kwa nyanja" ali ndi matanthauzo awiri m'Chichewa, pakuti amanena za maiko akutali monga a ku Ulaya ndi ku America, komanso amanena za gombe limene munthu woima pa Nkhotakota amaliona kum'mawa tsiku limene kunja kwayera, pamene mapiri a ku Mozambique amaoneka ngati mtambo wotsamira pamadzi. Gombe limenelo ndilo boma la Lago, ndipo pomwe alendo a ku Ulaya amasunga ndalama kwa nthawi yaitali kuti adzalione, anthu ambiri olankhula chinenero chimodzi ndi eni derali sanaliganizirepo ngati malo okachezako. Mafunso ali m'munsiwa akufotokoza momwe ulendo wotere umakonzedwera, ndipo mfundo imene ikuwamanga pamodzi ndi yakuti ku Lago mlendo amatsata nthawi ya nyanja ndi nzeru za anthu okhala m'mphepete mwake.

Kodi boma la Lago lili pati, ndipo likusiyana bwanji ndi magombe ena a nyanjayi?

Lago ndi limodzi mwa maboma a chigawo cha Niassa, kumpoto chakumadzulo kwa Mozambique, ndipo dzina lake ndi mawu a Chipwitikizi otanthauza nyanja, popeza bomali latambalala motsata gombe la kum'mawa kwa nyanja imene Amalawi amaitcha Nyanja ya Malawi, a ku Mozambique amati Lago Niassa, pomwe a ku Tanzania amati Nyasa. Likulu lake ndi Metangula, tauni ya padoko imene m'nthawi ya atsamunda inkatchedwa Augusto Cardoso ndipo inali malo a asilikali a pamadzi a Chipwitikizi. Kumpoto kuli Cóbuè, moyang'anizana ndi chilumba cha Likoma, ndipo kupitirira pamenepo bomali limakafika m'malire a Tanzania. Anthu a m'mphepete mwa madzi ndi Anyanja, amene kalankhulidwe kawo kamafanana kwambiri ndi ka pa Likoma, pomwe kumtunda, cha ku Maniamba, kuli Ayao ambiri.

Chimene chimasiyanitsa gombeli ndi la Mangochi kapena Salima ndi chakuti mapiri amatsikira m'madzi mwenimweni, misewu ndi yochepa, ndipo midzi yambiri imafikika pa boti kapena wapansi basi. Izi zili chonchi chifukwa cha mbiri: kampani ya Companhia do Niassa, imene inkalamulira dera la pakati pa mitsinje ya Rovuma ndi Lúrio mpaka mu 1929, inkasamala za msonkho kuposa misewu, kenaka padadza nkhondo yomenyera ufulu kuyambira 1964 mpaka 1974, ndi nkhondo yapachiweniweni imene idatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Niassa ndicho chigawo chachikulu kuposa zonse m'dzikomo, koma anthu ake amakhala motalikirana kuposa a chigawo china chilichonse, kotero kuti bata limene mlendo amalisirira lidabadwa m'mavuto amene eni dera adapirira.

Ndi zamoyo zotani zimene mlendo angayembekezere kuona ku Lago?

Chuma chachikulu cha zamoyo m'bomali chili pansi pa madzi. Nyanjayi ndi yaitali makilomita oposa 550, ndipo pamalo pozama kwambiri imafika mamita pafupifupi 700, ngakhale kuti nsomba zimakhala m'madzi a pamwamba okha chifukwa kupyola mamita pafupifupi 250 kulibe mpweya wokwanira. M'madzi a pamwambawo muli mitundu ya nsomba yochuluka kuposa m'nyanja ina iliyonse ya madzi opanda mchere padziko lapansi, ndipo mitundu yosachepera 700 ndi ya banja limodzi limene akatswiri amalitcha Cichlidae, momwe muli chambo, utaka, ncheni ndi mbuna. Pafupifupi yonseyi sipezeka kwina kulikonse.

Mbuna ndizo zimakopa alendo kwambiri, ndipo ndi nsomba zazing'ono za mawanga owala, zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere, zimene zimakhala m'miyala n'kumadya ndere zomera pamiyalapo. Chifukwa chake mitundu yake idachuluka chotere chimaoneka bwino pa gombe la Lago: mbuna sizikonda kuwoloka mchenga kapena madzi akuya, choncho gulu la pa mwala wina limakhala lolekana ndi la pa mwala wina kwa mibadwo yambirimbiri, mpaka mtundu ndi kadyedwe kake zimasintha. N'chifukwa chake munthu amene wasambira pa ndomo ziwiri zotalikirana makilomita ochepa angathe kuona nsomba zosiyana maonekedwe. Chodabwitsa china ndi kaleredwe kake, pakuti yaikazi imasunga mazira m'kamwa mpaka ataswa, ndipo mwa mitundu ina ana akaona choopsa amathawira m'kamwa momwemo. Zonsezi zimaoneka popanda zipangizo zodula, koma galasi loonera m'madzi ndi kapaipi kopumira basi. Pozindikira kufunika kwa nsombazi, boma la Mozambique lidakhazikitsa mbali yake ya nyanjayi kukhala malo otetezedwa mu 2011, ndipo chaka chomwecho malowa adalembedwa pansi pa pangano la Ramsar, lomwe ndi mgwirizano wa maiko wa mu 1971 woteteza madambo ndi nyanja zofunika padziko lonse.

Pamwamba pa madzi pali nkhwazi, mphipi ndi akatumbu, ndiponso nkhungu, tizilombo touluka timene timatuluka m'nyanja mwaunyinji n'kumaoneka patali ngati utsi wa sitima, ndipo tikafika kumtunda anthu amatikola n'kutiumba kukhala ndiwo. Kumtunda kuli nkhalango ya miombo, makamaka m'dera la Manda Wilderness, la mahekitala pafupifupi 120,000, limene midzi yozungulira Cóbuè idapatula kuti nyama zibwereremo nkhondo itatha. Mmenemo mumapezeka anyani, apusi, mbawala ndi nguluwe, pomwe nyama monga mphalapala ndi nyalugwe zimadziwika kawirikawiri ndi mapazi ake okha, popeza zidachepa m'zaka za nkhondo ndipo zotsalazo zimaopa munthu.

Nanga wofuna kuona njovu ndi mikango apite kuti?

Apa m'pamene alendo ambiri amalakwitsa, poganiza kuti nyanja ya Niassa ndi nkhalango yotchuka ya Niassa zili pamodzi chifukwa dzina ndi limodzi. Nkhalangoyo, imene dzina lake la boma ndi Reserva Especial do Niassa, ili kutali kum'mawa, makamaka m'maboma a Mecula ndi Mavago, m'chigwa cha mitsinje ya Lugenda ndi Rovuma, ndipo kuchokera kunyanja munthu amayenda makilomita mazana angapo kudzera ku Lichinga ndi Marrupa, kapena amakwera ndege yaing'ono yochita kubwereka. Idakhazikitsidwa mu 1954, kukula kwake ndi masikweya kilomita pafupifupi 42,000, kutanthauza kuwirikiza kawiri nkhalango ya Kruger ya ku South Africa, ndipo kuyambira mu 2012 imayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za malo otetezedwa mogwirizana ndi bungwe la Wildlife Conservation Society. Mmenemo muli mikango, mimbulu, njati, ntchefu, mphalapala ndi mtundu wa nyumbu umene umadziwika ndi dzina la Niassa lomwelo. Njovu zake zidaphedwa kwambiri ndi ofuna minyanga, moti chiwerengero chidatsika kuchoka pa pafupifupi 12,000 mu 2011 kufika pa pafupifupi 4,400 mu 2014, mchitidwewu usanayambe kuchepa chifukwa cha kukhwimitsa chitetezo.

Wokonza ulendo ayenera kudziwanso kuti zigawenga zochokera m'chigawo cha Cabo Delgado zidaukira midzi ya m'boma la Mecula kumapeto kwa 2021, ndipo mu Epulo 2025 zidaukiranso misasa ya m'nkhalangoyo, kotero kuti ulendo wa kumeneko umafuna kufunsa za chitetezo pa nthawi yolipira ndi pa nthawi yonyamuka pomwe. Ambiri amathetsa vutoli pogawa ulendo pawiri, kuti nyama zikuluzikulu akazionere ku Liwonde, ku Majete, ku Nkhotakota, komwe kudasamutsidwira njovu zoposa 500 mu 2016 ndi 2017, kapena ku South Luangwa ku Zambia, kenaka n'kuwolokera ku Lago kukaona za m'madzi, za mbiri ndi moyo wa m'midzi.

Kodi nyengo yabwino yopitira ndi iti?

Yankho limadalira mphepo kuposa mvula. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumaomba mwera, mphepo yochokera kummwera imene imatsata utali wa nyanja n'kuutsa mafunde aakulu, ndipo nthawi zina imatha masiku angapo isanaleke, moti mabwato ndi maboti ang'onoang'ono amangokhala pamchenga. Anthu a kunyanja saichitira chibwana mphepo imeneyi, ndipo mbiri ikuwavomereza, pakuti sitima ya Vipya idamira kumpoto kwa nyanjayi mu Julayi 1946 ndipo anthu 145 adafa. Komabe miyezi yomweyi ndiyo yozizira bwino, yabwino kuyenda wapansi m'nkhalango, ndipo ku Lichinga, komwe kuli pamtunda wa mamita oposa 1,300, usiku kumazizira ndithu.

Kuyambira Sepitembala mpaka Novembala nyanja imadekha, madzi amayera kwambiri, udzu umakhala utauma kapena utapsa, ndipo nyama zimasonkhana pamene pali madzi, choncho iyi ndiyo nyengo yoyenera wofuna kuona mbuna ndi nyama pa ulendo umodzi, malinga akhale wopirira kutentha kwa mu Okutobala ndi Novembala. Dzinja, kuyambira Disembala mpaka Epulo, limabweretsa mphepo ya mpoto ndi namondwe wodzidzimutsa, misewu yafumbi imaterera kapena kuduka, mitsinje imadetsa madzi a m'mphepete, ndipo malo ena ogona alendo amatseka, ngakhale kuti okonda mbalame amaikonda nyengoyi chifukwa cha mbalame zobwera kuchokera kumaiko a kumpoto.

Munthu amafika bwanji ku Lago?

Pali njira zitatu zodziwika. Yoyamba ndi ya pandege kukatera ku Lichinga, likulu la chigawo limene kale linkatchedwa Vila Cabral, kudzera ku Maputo kapena ku Nampula, kenaka n'kuyenda makilomita opitirira pang'ono 100 pa msewu wodutsa ku Maniamba umene umatsika phiri mokhotakhota mpaka ku Metangula. Pa msewu umenewu pamayenda minibasi zimene ku Mozambique zimatchedwa chapa, ndipo chapa imanyamuka ikadzaza, osati pa ola loikika. Yachiwiri ndi ya pamsewu kuchokera ku Malawi, kudzera ku Mangochi ndi pa chipata cha Chiponde kulowa ku Mandimba, n'kukhotera kumpoto kupita ku Lichinga. Wochokera kugombe la nyanja ya mchere angathenso kugwiritsa ntchito njanji ya Nampula ndi Cuamba, imene nthambi yake yopita ku Lichinga idakonzedwanso mu 2016.

Yachitatu, imene ambiri amaiona ngati gawo la chisangalalo chenichenicho, ndi ya pamadzi kudzera pa Likoma. Sitima ya Ilala, imene idapangidwa ku Scotland mu 1949 n'kuyamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951, imazungulira pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba ndipo imaima pa Likoma ndi pa Chizumulu, zilumba ziwiri za Malawi zozunguliridwa ndi madzi a Mozambique. Kuchokera pa Likoma kupita ku Cóbuè ndi makilomita ochepa pa boti la injini kapena la thanga, ndipo gombe la Mozambique lakhalanso likutumikiridwa ndi sitima yotchedwa Chambo. Ndandanda ya sitima zimenezi imasintha chifukwa cha mphepo, kuchuluka kwa katundu ndi kukonzedwa kwa injini, choncho wanzeru salumikiza tsiku lotsika sitima ndi tsiku lokwera ndege yobwerera kwawo, koma amasiya masiku awiri pakati.

Ndi ziphaso ndi ndalama zotani zimene zimafunika?

Aliyense amafunika pasipoti imene yatsala ndi miyezi yosachepera 6 kuti ithe ntchito. Nzika za Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi South Africa sizifunika visa, yomwe ndi chilolezo cholowera m'dziko, pa ulendo waufupi, ndipo mu 2023 Mozambique idachotsanso visa kwa alendo odzaona malo ochokera m'maiko 29, ngakhale kuti malamulo otere amasinthasintha ndipo ayenera kutsimikizidwa ku ofesi ya kazembe ulendo usanayambe. Mfundo imene olankhula Chichewa amaiiwala ndi yakuti kufanana kwa chinenero sikufafaniza malire: wowoloka kuchokera pa Likoma ayenera kudinditsa pasipoti potuluka, n'kukadinditsanso ku ofesi yoona za olowa ndi otuluka ku Cóbuè kapena ku Metangula, chifukwa wopezeka mkati mwa dziko wopanda chidindo amalipitsidwa chindapusa. Wobwera pa galimoto yake amafunikanso chikalata chololeza galimotoyo kulowa kwa kanthawi ndi inshuwalansi yovomerezeka m'dzikomo.

Ndalama ya dzikolo ndi metical, ndipo malo odalirika otapira ndalama ku banki ndi ku Lichinga, kotero kuti wopita m'midzi ya kumpoto kwa Metangula amayenera kunyamula ndalama m'manja, makamaka zing'onozing'ono, popeza wogulitsa usipa kapena woyendetsa boti sakhala ndi chenje cha ndalama yaikulu. Powerengera mtengo wa ulendo wonse, chinthu chimene chimadya ndalama zambiri ku Lago kawirikawiri ndi mayendedwe, makamaka mafuta a boti, chifukwa mafutawo amachokera kutali, ndipo n'chifukwa chake gulu la anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi obwereka boti limodzi limalipira pang'ono pa munthu aliyense kusiyana ndi woyenda yekha.

Kodi woperekeza alendo ndi wofunikadi kwa munthu amene akumva chinenero cha kumeneko?

Woperekeza alendo ndi munthu wodziwa dera amene ntchito yake ndi kutsogolera mlendo, kumuteteza ndi kumutanthauzira zimene akuona, ndipo ku Lago ntchito imeneyi ili m'magawo atatu amene nthawi zambiri amagwiridwa ndi anthu osiyana. Pali woyendetsa boti, amene amadziwa kuwerenga mtundu wa madzi ndi mitambo ya pamwamba pa mapiri, amadziwa miyala yobisika ndi magombe othawirako mwera ukayamba, ndipo akanena kuti lero sikuwolokeka mawu ake ndiwo omaliza ngakhale mlendo atalipiriratu. Pali woperekeza m'tchire, amene amazindikira mapazi, ndowe ndi kulira kwa mbalame, ndipo luso lake ndi lofunika kwambiri m'nkhalango ya miombo momwe nyama sizionekera patali monga m'zigwa za udzu. Pali wofotokoza mbiri, amene kawirikawiri amakhala mkulu wa mpingo, mphunzitsi kapena munthu wotumidwa ndi mfumu.

Mwambo woyenda wapansi ndi alendo kukaona nyama udayambitsidwa m'chigwa cha Luangwa ndi Norman Carr m'zaka za m'ma 1950, mogwirizana ndi Mfumu Nsefu, koma nzeru imene ulendo wotere umadalira ndi yakale kwambiri kuposa pamenepo. Chitsanzo chomveka chidachokera m'chigawo cha Niassa momwemo, pomwe kafukufuku wotsogozedwa ndi Claire Spottiswoode, wofalitsidwa mu 2016 m'magazini ya Science, adasonyeza kuti Ayao ofula uchi akamaitana mbalame ya nsadzu ndi kaitanidwe kapadera kamene adaphunzira kwa makolo awo, mwayi wopeza njuchi umawirikiza pafupifupi katatu poyerekeza ndi pamene akungopanga phokoso wamba. Nzeru yotere siilembedwa pa mapu, ndipo kumva chinenero sikupatsa mlendo nzeruyo, koma kumangomupatsa mwayi woifunsa bwino, pajatu safunsa adadya phula.

Posankha woperekeza, njira yodalirika ndi kudzera ku malo ogona alendo kapena kwa atsogoleri a mudzi, ndipo zinthu zingapo ziyenera kumveka ulendo usanayambe: mtengo wonse ndi zimene ukuphatikiza, mwini wa udindo wogula mafuta ndi chakudya, kupezeka kwa majekete oyandamitsa okwanira aliyense, ndi chimene chidzachitike ngati mphepo yalepheretsa ulendo. Woperekeza wabwino amayamba wakapereka moni kwa mfumu asanalowetse alendo m'mudzi, amapempha chilolezo asanalole kujambula anthu, ndipo amadziwa manda ndi malo a miyambo amene mlendo saloledwa kupondamo.

Ndi malo ati a mbiri ndi chikhalidwe amene ayenera kuonedwa?

Gombeli lidali khomo la malonda a minyanga ndi akapolo m'zaka za m'ma 1800, pamene zombo za Jumbe wa ku Nkhotakota zinkawolotsa anthu kupita ku madoko a kum'mawa, komwe ankayambira ulendo wapansi wopita ku Kilwa. Amishoni a Anglican a bungwe la Universities' Mission to Central Africa adafika pa gombeli mu 1882, pamene William Percival Johnson ndi Charles Janson adatsikira kunyanja, ndipo ngakhale Janson adamwalira patangopita nthawi yochepa, Johnson adakhala zaka zoposa 40 akuyendera midzi ya m'mphepete pa sitima ndi pa bwato mpaka imfa yake mu 1928. Likulu la ntchitoyi lidakhazikitsidwa pa Likoma mu 1885, pomwe pali tchalitchi chachikulu cha St Peter, chimene chidayamba kumangidwa mu 1903 n'kupatulidwa mu 1911, ndipo kumtunda mishoni ya Messumba, imene eni ake amati Msumba, kumpoto kwa Metangula, idakhala phata la sukulu ndi chipatala. Ambiri mwa anthu a ku Niassa amene adalowa m'gulu lomenyera ufulu la Frelimo adaphunzira pa Msumba, zomwe zidachititsa kuti apolisi a atsamunda aziikayikira mishoniyo.

Ku Cóbuè kuli tchalitchi chachikulu cha Katolika chimene chidaonongeka m'zaka za nkhondo, ndipo malowa amakumbukikanso chifukwa ndi amodzi mwa amene adaukiridwa mu Sepitembala 1964, mwezi umene nkhondo yomenyera ufulu idayamba. Okonda mbiri ya nkhondoyi amapitanso ku Matchedje, m'boma loyandikana nalo la Sanga, komwe Frelimo idachitira msonkhano wake waukulu wachiwiri mu Julayi 1968. Pafupi ndi Metangula pali gombe la mchenga la Chuanga, komwe anthu a ku Lichinga amakapumulirako. Pa chikhalidwe, derali limadziwika ndi mganda wa amuna, wovinidwa m'mizere ndi zovala zoyera, ndi chioda cha amayi, ndipo magule awiriwa amavinidwa mopikisana pakati pa midzi m'nyengo yachilimwe. Usiku nyanja imadzaza ndi nyali za asodzi a usipa oponya chilimira, khoka limene limakokedwa pakati pa mabwato, ndipo m'mawa mwake usipawo umapezeka pa thandala kapena pambali pa nsima ya chinangwa.

Ndi zoopsa ziti pa umoyo zimene mlendo ayenera kukonzekera?

Malungo ndiwo oyamba, ndipo amafuna kugona m'neti, kudzola mankhwala othamangitsa udzudzu, ndi kuonana ndi dokotala za mankhwala oteteza, makamaka kwa Amalawi amene akhala zaka zambiri ku Johannesburg kapena ku London, chifukwa chitetezo chimene thupi limapeza pokhala m'dera la malungo chimachepa munthu akachokamo. Likodzo limafala kudzera mu nkhono za m'madzi osaya, makamaka pafupi ndi mabango ndi pamadoko a midzi, choncho kusambira pa miyala ya kutali ndi midzi kumachepetsa chiopsezo ngakhale sikuchithetseratu, ndipo ndi bwino kukayezetsa patapita miyezi iwiri kapena itatu, popeza matendawa amachizika ndi mankhwala a praziquantel. Ng'ona ndi mvuu zimakonda pamathiriro a mitsinje, ndipo munthu sasambira pamalo amene eni dera sasambirapo, makamaka kukada. Chipatala chachikulu cha chigawo chili ku Lichinga, pomwe anthu a cha ku Cóbuè akhala akudalira chipatala cha St Peter pa Likoma, ndipo kutalika kwa mitunda imeneyi ndiko kumachititsa kuti inshuwalansi yolipira kusamutsa wodwala ikhale yofunika.

Kodi ndalama za mlendo zimapindulira eni dera?

Malamulo a Mozambique amanena kuti 20 peresenti ya misonkho imene boma limatolera pa nkhalango ndi nyama zakutchire izibwerera kwa anthu okhala m'dera limene chumacho chachokera, koma ndalama yotere imayenda pang'onopang'ono ndipo imadalira kuti mudzi ukhale ndi komiti yovomerezeka. Njira ina idayesedwa ku Manda, komwe malo ogona alendo a Nkwichi, otchedwa choncho chifukwa cha mchenga wake umene umalira munthu akaupondapo, adamangidwa mogwirizana ndi midzi imene idapanga bungwe la Umoji kuti lisamale malo otetezedwawo, ndipo thandizo lochokera kwa alendo lidagwira ntchito pa sukulu, zaumoyo ndi ulimi. M'boma la Sanga muli ntchito yofanana nayo yotchedwa Chipanje Chetu, mawu a Chiyao otanthauza chuma chathu.

Nkhaniyi ndi yofunika chifukwa kuteteza zachilengedwe kuli ndi mtengo umene amalipira ndi anthu osauka: msodzi woletsedwa kuponya khoka pamalo oswanirana nsomba, kapena mlimi amene anyani ndi nguluwe zamuthera chinangwa, amafuna kuona chimene akupezapo. Pamene phindu silioneka, anthu amabwerera ku misampha ndi ku usodzi wa maneti a udzudzu, amene amakokolola ndi tiana ta nsomba tomwe. Mlendo ali ndi mbali yake pa zimenezi, pofunsa ngati ogwira ntchito pamalo amene wagona ndi a m'midzi yozungulira, pogula nsomba, ndiwo zamasamba ndi zoluka kwa eni ake, polipira woperekeza mtengo woyenera m'malo monenerera mpaka kumufinya, ndi popereka thandizo kudzera ku sukulu kapena komiti ya mudzi m'malo mogawira ana ndalama pa doko.

Kodi ulendo wonse ungakonzedwe motani kuti zinthu zonsezi zikwanire?

Masiku 10 mpaka 14 ndiwo amakwanira bwino, ndipo kukonzekera kumayamba miyezi ingapo m'mbuyo ndi zinthu zosasinthika, zomwe ndi pasipoti, nyengo ndi masiku a sitima, kenaka malo ogona ndi operekeza n'kumaikidwa mozungulira zimenezo. Dongosolo limodzi lotheka ndi kuyamba ndi masiku atatu oona nyama ku Liwonde kapena ku Nkhotakota, kukwera sitima kupita pa Likoma n'kugonapo masiku awiri, kuwolokera ku Cóbuè kukatha masiku anayi m'madzi, m'nkhalango ya Manda ndi m'midzi, kenaka kutsika ndi gombe kudzera ku Msumba ndi Metangula, n'kukwera phiri kupita ku Lichinga ndi kutulukira pa Mandimba. M'dongosolo lililonse muyenera kukhala masiku awiri opanda chochita, amene ndi gawo la mwera ndi la injini, ndipo ngati nyanja yawabweza osawagwiritsa ntchito, mlendo amawathera pa mwala wina wa mbuna umene sadaukonzere.

Mlendo wa ku Ulaya amafika ku Lago atawoloka nyanja zamchere ndipo zonse amazimva kudzera mwa womasulira, pomwe wochokera ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Angónia amangowoloka nyanja imodzi, n'kukapeza kuti woyendetsa boti akutchula mphepo ndi maina amene iye adawamva ali mwana, ndiponso kuti nkhalamba ya pa Msumba ingathe kumufotokozera za nkhondo ndi za kuthawira pa Likoma popanda wina woima pakati. Pa maulendo onse a kutsidya kwa nyanja amene wolankhula Chichewa angalote, uwu ndiwo waufupi kuposa ena, ndiponso ndi umene angabwereko atamva zonse zimene adauzidwa.